Mphete ya Amuna Anga ndi Tizilombo ta mu Luangwa

Ine ndinakwatiwa kawiri ndi mwamuna mmodzi yemweyo. Koyamba ndinali kamtsikana, ndipo panalibe wansembe kapena belu. Ankhoswe anakambirana, nkhuku inafa, basi ndinanyamula mphasa yanga. Kachiwiri ndinali kale ndi zidzukulu, imvi zikusuzumira m'mbali mwa duku. Ukwati wachiwiriwu ndi umene unatsala pang'ono kuwonongedwa ndi tizilombo ta m'madzi a mu Luangwa, tochepetsetsa moti sungatione ngakhale utatong'ola maso bwanji. Ine ndinationa, ndipo mpaka lero ndikapita kukatunga madzi ndimatipatsa moni.

Kwathu ndife Akatolika. Munthu amene banja lake silinadalitsidwe m'tchalitchi amapemphera ndi anzake, amasesa, amaimba, koma ikakwana nthawi yolandira Ukalisitiya amatsala pa benchi. Ine ndinatsala pa benchi zaka zoposa makumi atatu. Paja amati ukaipa dziwa nyimbo, ndiye ndinalowa kwaya, ndipo nyimbo ya nthawi yolandira ndinkaiyambitsa ndine Lamulungu lililonse. Alendo ankaganiza kuti mayi wamawu akuluyo sapita kutsogolo chifukwa watanganidwa ndi nyimbo. Eni mudzi ankadziwa zoona zake. Zinkandiwawa, ndipo zikandiwawa kwambiri ndinkangokweza mawu.

Amuna anga ndi msodzi, munthu wa mawu ochepa ndi zala zonenepa ngati chinangwa. Za ukwati wa m'tchalitchi sanakanepo ngakhale kamodzi. Ankangoti, "Chaka cha mawa." Madzi akakokolola chimanga, chaka cha mawa. Njovu zikalowa m'mapira, chaka cha mawa. Chaka chimene mvuu inaswa bwato sindinafunse n'komwe, yankho ndinadziyankha ndekha. Ndinkawauza kuti zengerezu adalinda kwawukwawu, iwo n'kumangosoka ukonde wawo ngati ndikulankhula ndi mbuzi.

Ndiye tsiku lina akatekisiti analengeza kuti ansembe adzadalitsa pamodzi maukwati onse akale ku mishoni ya ku Katondwe. Ndinafika kunyumba n'kuzinena mwachizolowezi chabe, nditasenza beseni la nsomba zoti ndikayanike. Amuna anga sanadzutse ngakhale mutu. Anangoti, "Kauzeni akatekisiti kuti na ise tilipo." Beseni linagwa. Nkhuku za mudzi wonse zinadya bwino tsiku limenelo, ndipo sindinaingitse ngakhale imodzi.

Kuyambira pamenepo ndinapenga, ndipo sindichita nazo manyazi. Ndinkayeseza kayendedwe ka mkwatibwi popita kumtsinje, ndowa ili pamutu. Ndinkaseka ndekha potola nkhuni. Makasitomala anga a nsomba zouma ndinkawaonjezera mopanda nzeru, mpaka mnzanga wogulitsa naye anandifunsa ngati ndayamba kumwa. Chala cha amuna anga ndinachiyeza ndi ulusi wa ukonde ali mtulo masana pansi pa mtengo wa masawu, ulusiwo n'kuutumiza kwa mwana wathu wamkazi ku Lusaka. Mphete zinabwera ziwiri, zachikasu, m'kabokosi kofiira. Ndinazibisa m'sutikesi pansi pa zitenje, ndipo m'mawa uliwonse iwo akangopita kumadzi ndinkatsegula n'kumaziyang'ana.

Iwo anakana ngakhale kuziona. "Vanu ivo," anatero. "Nizaviona pa siku yake. Msodzi na mphete, munaviona kuti?"

M'mawa wina ndinatsegula kabokosi n'kupeza mphete imodzi yokha, yanga yaing'ono. Yaikulu ija kunalibe. Ndinakutumula zitenje zonse, ndinasesa nyumba mpaka kuseri kwa mtsuko, ndinafukula ngakhale una wa mbewa. Kenako ndinakhala pansi n'kuyamba kuganiza, ndipo mutu wanga ukayamba kuganiza suchedwa kufika patali. Amuna anga anali atangobwera kumene kuchokera ku boma, kumene Luangwa amakumana ndi Zambezi, ati kukagula ulusi. Kumeneko kumadzaza amalonda owoloka kuchokera ku Zumbo, tsidya lina la mtsinje, anthu ogula chilichonse chonyezimira. Kumeneko kulinso kachasu wa masawu. Za akazi a kumeneko sindinena, koma nawonso ndinawaganizira. Pofika masana mlandu ndinali nditauzenga kale n'kuugamula: mphete agulitsa, ndipo ukwati wabwerera ku chaka cha mawa.

Sindinawafunse. Ndinkaopa kuti ndikafunsa avomera, ndiye benchi lija likhala langa mpaka kumanda. M'malo mwake ndinkalalatira mbuzi mokweza, iwo ali pafupi. Ndinkaziuza mbuzizo kuti pali anthu ena opanda chisoni, ogulitsa zinthu za eni. Mbuzi zinkangotafuna.

Patapita masiku ochepa iwo anayamba khalidwe lachilendo. Unali mwezi wa Okutobala, ndipo amene anakhalako kuno akudziwa kuti mwezi umenewo ngakhale abuluzi amafuna mthunzi. Koma amuna anga anatulutsa chijekete chawo chakale, chovala nthawi yozizira pamadzi, chonunkha nsomba za zaka zambiri. Ankachivala kuyambira m'mawa, dzanja lamanzere lili m'thumba. Kumtsinje anasiya kupita, ati ukonde wang'ambika, koma kuusoka osausoka. Aneba ankaseka, ati mkwati wayamba kale kuyeseza suti. Ine ndinkati ndi chikumbumtima chikuwazizira, ndipo chiwazizire.

Zinaululika m'mawa wina nditawapeza atakhala padzuwa, chijekete chili m'thupi, mano akugundana. Chakudya cha dzulo lake anali atachisiya. Mtima wanga unaphulika.

"Imwe, mphete ili kuti?"

"Niziwa lini," anatero, kutanthauza kuti sakudziwa.

"Muziwa lini? Munaigulisa kwa anthu a ku Zumbo! Kambani chabe, nimve na matu yanga!"

"Amai, nisiyeni. Mutu uniwawa."

"Na kwanja iyo mwabisa mu thumba, muli chinji? Chenji yake?"

Ndinagwira mkono n'kukoka. Anakuwa mawu amene sindinawamvepo kwa iwo chikwatiwire, ngakhale tsiku la mvuu lija. Dzanja linatuluka litakulungidwa m'sanza ya chitenje changa chakale. Nditamasula sanzayo fungo linandimenya kaye, kenako ndinaona. Dzanja lonse linali litatupa, lonyezimira, lotentha. Chala choyandikana ndi chaching'ono chinali chitafufuma n'kuda, chikutuluka mafinya m'mbali. Ndipo m'munsi mwa chalacho, mkati mwenimweni mwa mnofu, munkaoneka kachikasu pang'ono chabe.

Mphete ija. Anali ataivala.

Sindidziwa ngati ndinayamba ndi kuseka kapena kulira. Ndinakhala pansi pafumbi, dzanja lowolalo lili m'manja mwanga, ndikungoti, "Mwavala! Mwavala!" Iwo anayang'ana kumbali ngati mwana wogwidwa ndi shuga kukamwa. Kenako anafotokoza pang'onopang'ono. Anaitenga m'sutikesi ine nditapita kumunda, ankaivala akafika pamadzi n'kuivula pobwerera. Tsiku lina akuwonjola nsomba mu ukonde, nkolokolo inawabaya pachala chomwecho.

Nkolokolo ndi kansomba kolira kakagwidwa, kokhala ndi minga yolimba ya manomano pamsana ndi m'mbali. Palibe msodzi wa mu Luangwa amene sanabayidwepo nako. Ndipo aliyense kuno amadziwa mankhwala ake: umatenga nsomba yomwe yakubayayo n'kupaka zoterera za pamimba pake pabala, kenako n'kutsuka mumtsinje. Amati mwini ululu ndiye mwini mankhwala. Atate anga ankatero, amalume anga ankatero, ine ndemwe ndinkatero pokonza nsomba. Amuna anga anachita zomwezo, anapaka bwinobwino, n'kupitiriza ntchito. Pofika pagombe chala chinali chitakula pang'ono ndipo mphete inakana kutuluka. Anaganiza kuti kukacha chiphwa. Kutacha anafuna chijekete.

Tinayesa sopo. Tinayesa mafuta ophikira. Ndinayesa kukulunga ulusi monga ndinaonera kwa ena, koma ulusi unalibe polowera. Ndikukwinya mkono wa chijekete m'pamene ndinaona mzere wofiira ukukwera kuchokera padzanja kulunjika kuchigongono, ndipo m'khwapa munali mwanabele wamkulu. Kuseka kunathera pomwepo. Ndinachita mantha enieni, chifukwa msodzi wopanda dzanja ndimamudziwa mmene amakhalira.

Galimoto kwathu imadutsa ikafuna. Ndinatulutsa njinga, ndinapinda chitenje pakaliyala, ndinawauza kuti akwere. Anayamba zoti mwamuna sanyamulidwa ndi mkazi anthu akuona. Ndinawayankha kuti mwamuna wovala chijekete mu Okutobala ulemu wake anaudya kale. Anakwera.

Ulendo umenewo sindidzauiwala. Dzanja likalendewera linkawawawa kwambiri, ndiye analikweza m'mwamba njira yonse. Aliyense amene tinakumana naye ankaganiza kuti akupatsidwa moni. Amayi osenza makala ankaima n'kuyankha mwaulemu. Abusa a mbuzi ankabayibitsa. Mkulu wina anavula chipewa. Ine kutsogolo ndinkapalasa thukuta lili kamukamu, koma chimwemwe chikungotumphuka chokha. Mayi wina wa m'kwaya yathu anatifunsa kumene tikupita, ine n'kukuwa ndisanaime, "Ku chipatala! Avala mphete!" Anatsala kukamwa kuli yasa. Pamikwasa ya mchenga ndinkatsika n'kukankha njinga iwo ali pompo, ndikuwalalatira, kenako ndikuimba, kenako ndikuwalalatiranso.

Kuchipatala cha mishoni tinalandiridwa ndi dokotala wachitsikana, wamsinkhu wa mwana wathu wa ku Lusaka. Anayang'ana dzanja, anatsata mzere wofiira uja ndi chala chake, nkhope yake n'kusintha. Anati mphete yamanga magazi ndipo iyenera kudulidwa nthawi yomweyo. Amuna anga anabweza dzanja n'kulifungatira.

"Awe, adokota. Dulani chala. Mphete muisiye."

"Atate," anatero dokotalayo, "nikadula chala, mphete izankhala pati?"

Anesi awiri anatulukira panja kukaseka. Amuna anga anandiyang'ana ine. Ndinadziwa chimene ankaopa. Mphete ija ndinali nditaiyembekezera moyo wanga wonse, ndipo ankaganiza kuti ikadulidwa ndiye kuti andilanda ukwati kachiwiri. Nanenso, kunena zoona, mtima unandipweteka. Koma ndinati, "Dulani mphete, adokota. Chala ichi nichifuna, chili na nchito."

Anabweretsa kachida kokhala ndi kagudumu ka mano, anakalowetsa movutikira pansi pa mphete n'kuyamba kupukusa. Amuna anga anatsinzina. Ine ndinayang'anitsitsa mpaka mphete inati thephu, n'kuikanula ndi pulayala. Nesi anaitsuka n'kundipatsa m'manja itayasama. Ndinaimanga pa mfundo ya chitenje. Kenako anang'amba chala kuti mafinya atuluke, ndipo m'katimo anapezamo kansonga ka munga wa nkolokolo. Anawaika dilipu, anawabaya jakisoni, ndipo dokotala anatenga bolopeni n'kujambula mzere pamkono pamene kufiira kunalekezera. Anati kufiira kukadumpha mzerewo, nkhani ya kudula chala ibwereranso, mwinanso kuposa chala.

Dokotalayo atamva za mankhwala athu a zoterera anagwira mutu. Anati m'madzi a mumtsinje mumakhala mabakiteriya, tizilombo tosaoneka ndi maso, ndipo timachuluka kwambiri nyengo yotentha madzi akaphwa n'kufunda. Timakonda kukhala pakhungu la nsomba, m'zoterera zomwe zija. Pakhungu la munthu labwinobwino sitichita kanthu, timadikira khomo. "Manje nkolokolo inasegula khomo," anatero, "atate aba anatenga alendo na kwanja yawo, anawangenesa mu nyumba, mphete nayo inakhoma chiseko." Anati akuganiza kuti ndi mtundu wotchedwa Eromonasi, umene umapezeka kawirikawiri m'mabala a m'madzi, koma kuti atsimikize pafunika kutiweta kaye m'mbale. Zoti pali anthu amene ntchito yawo ndi kuweta zinthu zimenezi zinandisekesa mpaka misozi.

Ndinamupempha kuti ndimuone mdani wangayo. Ndinati, "Nifuna nimuone na menso uyo wamene afuna kunipoka amuna anga." Anaseka, n'kunditengera ku labu kumene bambo wina anali atapaka kale mafinya aja pakagalasi n'kuwathira utoto. Anandikhazika pa makina oonera tizilombo. Poyamba ndinkangoona nsidze zanga. Bamboyo anapotokola kenakake, ndipo mwadzidzidzi tinatulukira: timizere tating'onoting'ono tofiirira, tambirimbiri, ngati mpunga wosweka wotayikira pamphasa. Tinali titafa kale ndi utotowo, sitinkayenda.

Ndinaseka mpaka bamboyo anagwira makina ake kuti ndingawagwetse. Zaka zonsezi ndinkachitira nsanje akazi a ku Zumbo, akazi amene sindinawaonepo, pamene mkazi mnzanga weniweni anali uyu, wokhala m'madzi omwe ndinabadwiramo, amene ndasambitsamo ana anga onse. Ndinatiyang'ananso kachiwiri n'kutiuza kuti tachepa. Kenako ndinakumbukira mzere wa bolopeni uja, ndipo ndinabwerera ku wodi mwakachetechete.

Masiku otsatira ntchito yanga inali kulondera mzerewo. Ndinkagona kumalo a odikirira odwala, kukacha n'kuthamangira kukakwinya mkono wa malaya awo. Poyamba kufiira kunafika pamzere penipeni n'kuima. Za ukwati ndinaziiwala. Ndinkangopempha kuti munthuyu abwerere kwathu ndi manja ake awiri, benchi ndikhalapo ndithu. Kenako m'mawa wina ndinapeza kuti pakati pa bolopeni ndi kufiira paoneka khungu lakuda labwinobwino. Ndinavina m'wodi ya amuna, odwala ena akuombera m'manja, mpaka nesi anandithamangitsa.

Madzulo a tsiku limenelo, thupi litazizira ndipo atadya phala lonse, ndinawafunsa funso limene linkandidya. Ndinati munthu amene anakana ngakhale kusuzumira m'kabokosi, chinamutuma n'chiyani kukaba mphete yake yomwe? Anayang'ana bandeji.

"Anzanga onse amene anamanga mu chalichi, mphete zawo zili pa msomali ku nyumba," anatero. "Ati zimakola mu ukonde, ati zimavuta pa nkhafi. Ine nenze kufuna nione ngati ningapalase nayo, ngati ningawonjole nsomba nayo. Chifukwa ine nikavala, nizavula lini."

Ndinawakonzera bulangete. Kenako ndinati, "Manje simunakambe bwanji?"

"Mukanaseka."

Zoona ndikanaseka. Ndinasekanso pomwepo, nkhope nditaibisa m'bulangete la chipatala kuti asaone kuti bulangetelo likunyowa.

Chala chinapulumuka, ngakhale mpaka lero sichipinda bwino, ndipo akagwira nkhafi chimaima chokha. Nkolokolo ikawabaya masiku ano amathamangira sopo ndi madzi owiritsa, ndipo anzawo a pagombe amawaseka kuti asanduka mzungu. Ena mwa osekawo ndawaona akubwera kudzabwereka sopo yemweyo.

Anawatulutsa m'chipatala ukwati utayandikira kwambiri, bandeji ikadali yonenepa. Panalibe nthawi yoitanitsa mphete ina, ndipo iwo sanafune ina. Tsikulo tinaima kutsogolo pamodzi ndi maanja ena okalamba, ena oyendera ndodo, zidzukulu zikulira m'mabenchi. Itafika nthawi ya mphete ndinamasula mfundo ya chitenje chija n'kutulutsa yoyasama ija. Ikanakhala yathunthu sikanalowa pabandejipo. Koma popeza inali yodula, ndinangoilowetsa cham'mbali n'kuifinya ndi zala mpaka inagwira. Wansembe anaima kaye, anayang'ana, n'kunena kuti mphete yolowera m'mbali sanaionepo chiyambire unsembe wake, koma dalitso limagwira chimodzimodzi. Tchalitchi chonse chinaseka, ntchembere zikululutira.

Kenako inafika nthawi yolandira. Ndinaimirira n'kulowa pamzere. Ndipo m'tchalitchi munangoti zii. Akwaya anzanga anali atakonza zovala, maluwa, zakudya, zonse, koma palibe amene anakumbukira kusankha munthu wina woyambitsa nyimbo. Onse anali akundiyang'ana ine, monga ankachitira Lamulungu lililonse. Woimba ng'oma manja ali m'mwamba, akudikira. Mapazi anga anaima okha. Ndinatembenuka, ndinakoka mpweya, pakamwa panatseguka.

Pamenepo ndinamva bandeji ikundigunda pamsana, ndi kachitsulo kozizira pamwamba pake.

"Yendani chabe, amai," ananong'ona amuna anga. "Iyo si nchito yanu manje."

Ndinatseka pakamwa, ndinatambasula manja, ndinayenda. Kumbuyo kwanga mtsikana wina anaiyambitsa nyimboyo, anaiyambira pamwamba kwambiri, ndipo sindinamukonze.